Makutu akukana mukamatsika pa kosi ya scuba kunja? Tiyeni tikambirane

Tsiku lachitatu la kosi yanga ya Open Water, ya ongoyamba kumene scuba (kusambira pansi pa madzi ukupuma mpweya wa m'silinda), pachilumba cha Koh Tao, ku Thailand, ndinapezeka ndakakamira chingwe chotsikira pansi pa madzi pa mamita 4 okha basi, anzanga atatu atafika kale pansi agwada pamchenga akundiyang'ana m'mwamba, ine khutu lakumanzere likumveka ngati wina akukhomeramo msomali. Ndinatsina mphuno n'kufufuma masaya, kukankha mpweya ndi mphamvu zanga zonse mpaka maso ngati atuluka, koma khutu lili zii, osatseguka. Aphunzitsi anabwera n'kundigwira paphewa, akundilozera kuti kwera pang'ono, ine m'mutu mwanga ndikungowerenga ndalama zomwe ndalipira ndi tikiti ya boti yomwe ndinali nditagula kale ya mawa lake. Nde ndinachita zopusa zomwe ambiri timachita, ndinakakamiza. Madzulo ake khutu linali lodzaza ngati mwalowa madzi, ndikumva mawu a anthu ngati akuyankhulira m'chidebe, ndipo kosi inaima masiku 5.

Vutoli ndi lofala kwambiri kwa ongoyamba kumene, ndipo limabwerabwera, lero mwatsika bwinobwino mawa khutu lomwelo lakana. Kwa amene mukuphunzirira paulendo limakula chifukwa cha zinthu zina zomwe sizikhudzana n'komwe ndi madzi, ndizifotokoza kutsogoloku. Poyamba timve kaye chomwe chikuchitika m'khutumo, chifukwa ine nditangochimvetsa ndi pomwe ndinasiya kulimbana nalo.

Kuseri kwa kanembanemba ka m'khutu kuli kachipinda ka mpweya, ndipo khomo lake ndi limodzi lokha, kampaipi kopyapyala kochokera kukhosi kuseri kwa mphuno, madokotala amakatchula kuti Eustachian tube. Kampaipi aka nthawi zambiri kamakhala kotseka, kamatseguka mukameza kapena kuyasamula. Mukakhala pamwamba pa nyanja presha imakhala 1 bar (bar ndi muyezo wa presha). Mukatsika mamita 10 yafika 2 bar, pa mamita 20 ndi 3 bar. Tsono taonani apa, pa mamita 10 oyambawo presha yawirikiza kawiri, mpweya wa m'khutu wafinyika kutsala theka, pomwe kuchoka pa 10 kufika pa 20 ukungochoka pa theka kufika pa gawo limodzi mwa atatu. N'chifukwa chake makutu amavuta kwambiri pamwamba pomwepa osati pansi. Anthu amadabwa kuti inetu ndangolephera pa mamita 3 nanga pa 18 ndikatani, koma zoona zake n'zakuti mukadutsa mamita 6 kapena 7 oyambawo bwino, kunsiko kumakhala kofewa.

Kuikwalaiza, monga amanenera kumadayivi, ndi kungolowetsa mpweya m'kachipinda kaja kuti presha ya m'kati ifanane ndi ya kunja. Chomwe sanandiuze momveka bwino tsiku loyamba, kapena anandiuza koma ndinali bize kusilira nsomba, ndi chakuti kampaipi kaja n'kofewa kumapeto kwake kwa kukhosi. Mukatsika mita imodzi kapena iwiri osaikwalaiza, kusiyana kwa presha kumakafinya n'kukatsekeratu, ndipo pamenepo mukamakankha mwamphamvu mukungowonjezera kukatseka. Ululu ukangoyamba dziwani kuti mwachedwa kale. Palibe mphamvu yomwe ingatsegule, njira ndi imodzi basi, kwerani.

Chochita khutu likakana muli pachingwe

Imani pomwepo. Musatsike ngakhale pang'ono poganiza kuti litseguka lokha kutsogolo. Auzeni aphunzitsi ndi chizindikiro chija, dzanja lotambasula mukuligwedeza uku ndi uku kenako n'kuloza khutu. Samalani ndi chala chachikulu, kuchiimika m'mwamba pansi pamadzi sikutanthauza kuti zonse zili bho, kumatanthauza kuti tiyeni tikwere tithetse dayivi, ine ndinasokonezapo kawiri. Kwerani mita imodzi, mwina iwiri, mpaka kufinya kuja kutheretu, osati kungochepa. Kenako yesaninso pang'onopang'ono. Likatseguka mumva kakuti pwa kapena kaphokoso ngati kachitseko kakulira, ena samva phokoso lililonse amangomva kupepuka. Mukatero tsikani theka la mita, ikwalaizaninso, theka lina, ikwalaizaninso, dzanja limodzi pachingwe lina pamphuno osalichotsa. Mukayesa katatu kanayi likukanabe, dayivi imeneyo yatha, bwererani kuboti mukamwe madzi. Nyanja siithawa.

Koma chomwe chinasintha zinthu kwa ine ndi kuyambiratu ndisanalowe. M'mawa podzuka ndimayesa kuona ngati makutu onse awiri akutseguka ndikameza. M'boti ndimaikwalaiza mofatsa mphindi zingapo zilizonse. Ndili pamwamba pa madzi ndisanatulutse mpweya mu BCD, jekete lopopa mpweya lomwe limakuyandamitsani, ndimaikwalaiza kamodzi, mutu ukangomira kenanso, ndiye kenako pa mpweya uliwonse womwe ndikupuma mpaka ndidutse mamita 6. Zikumveka ngati zonyanyira koma n'zomwe zimagwira.

Tsikani choimirira, miyendo pansi mutu m'mwamba. Mukatsika chamutu ngati mmene amachitira m'mavidiyo a pa YouTube, magazi amathamangira kumutu, minofu ya kuzungulira kampaipi kaja imatupa pang'ono, nde kamavuta kutseguka. Ngati khutu limodzi ndilo likuvuta, pendeketsani mutu kuti khutu limenelo liloze kumwamba, khosi likokeke mbali imeneyo, muyesenso. Kuyang'ana m'mwamba pang'ono kumathandizanso, chibwano chisakhale pachifuwa.

Ndipo onani za mitovu ya palamba. Masukulu ena amakonda kuwapachika ophunzira mitovu yambiri kuti asamayandame pochita maphunziro pansi, koma ukalemedwa umatsika ngati mwala, makutu sapeza mpata. Ngati mukuona kuti mukangotulutsa mpweya mu BCD mukugwa mothamanga, nenani, ndipo musamatulutse mpweya wonse nthawi imodzi, tulutsani pang'onopang'ono.

Ngati kutsina mphuno n'kupuma sikukugwirani

Njira yomwe aliyense amaphunzitsidwa poyamba ija, kutsina mphuno n'kukankha mpweya mofatsa, imatchedwa Valsalva, dzina la dokotala wa ku Italy Antonio Maria Valsalva yemwe anaifotokoza cha m'ma 1704. Imagwira kwa ambiri koma vuto lake n'lakuti siitsegula kampaipi ndi minofu yake, imangokankha mpweya kuchokera m'mapapo, nde kakatsekeka kale sikathandiza. Choopsa china, mukakankha mwamphamvu kwa nthawi yaitali presha imakwera m'kati mwenimweni mwa khutu ndipo mutha kuboola kanembanemba kena kakang'ono kotchedwa round window. Kumeneko nde kuli nkhani ya kugontha ndi chizungulire chosatha msanga, si zocheza. Kukankha kuzikhala kofatsa ngati mukufuna kumina koma mwaulemu pagulu, sekondi imodzi kapena ziwiri, basi.

Njira ya Toynbee ndi yosavuta, tsinani mphuno n'kumeza malovu. Kumezako kumakoka minofu yotsegula kampaipi. Vuto ndi lakuti mpweya wa m'silinda ndi wouma kwambiri, pakangotha mphindi zochepa kukamwa kuli gwaa malovu palibe, nde imavuta. Ena amaphatikiza ziwirizi, kutsina mphuno, kukankha pang'ono uku akumeza nthawi yomweyo, ndipo kwa ine khutu lakumanzere lija limamvera imeneyi. Pena kungokankhira chibwano kutsogolo n'kuchigwedeza uku ndi uku regulator, chopumira chija, ili kukamwa kumakwanira.

Yomwe ndikanakonda ndikanaiphunzira ndisananyamuke ndi Frenzel. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Germany Hermann Frenzel mu 1938, ankaphunzitsa oyendetsa ndege zankhondo zomwe zinkatsika mothamanga. Apa simugwiritsa ntchito chifuwa n'komwe. Mumatsina mphuno, kutseka kukhosi ngati mukufuna kunyamula chinthu cholemera, kenako n'kukankhira kumbuyo kwa lilime m'mwamba ngati mukunena kuti "k" kapena "ng". Imani pagalasi, mukaichita bwino muona kholingo likukwera ndipo mphuno ikufufuma pang'ono m'mbalimu, mimba osagwedezeka. Ine inanditengera masiku atatu ndili pakhonde la chipinda chomwe ndinkagona, anthu odutsa ankangondiyang'ana kuti bambo awa zawavuta, koma itangogwira ndinadabwa mmene ilili yopepuka. Mutha kuichita kambirimbiri motsatizana osatopa, ndipo ndi yomwe amagwiritsa ntchito anthu odayiva opanda silinda aja.

Chomwe chimasokoneza apaulendo

Apa nde pagona nkhani. Ine makutu anga analibe vuto lililonse, chomwe chinandipweteka ndi ulendo. Ndinakhala maola ambirimbiri m'ndege momwe mpweya wake ndi wouma, kufika ku Bangkok kutentha koopsa, usiku womwewo n'kukwera basi yopita ku Chumphon yomwe AC yake anaitsegula ngati tanyamula nyama yoti isaonongeke, m'mawa boti kupita ku Koh Tao poti pachilumbapo palibe bwalo la ndege. Ndinafika ndikuyetsemula pang'ono, mphuno imodzi yotseka, ndikuti aaa izi n'zazing'ono. Tsiku lotsatira ndinayamba kosi. Mu pulu zinayenda poti ndi mamita awiri okha, tsiku loyamba la kunyanja ndinavutikira koma zinatheka, lachiwiri lake nde lija ndafotokoza.

Kachimfine kakang'onong'ono komwe kumtunda simungakawerengere n'komwe n'kokwanira kutupitsa kampaipi kaja. Chimodzimodzi ma allergy a fumbi kapena mungu wa malo achilendo, utsi wa fodya, kugona AC ikukuwombani kumaso usiku wonse, ndi mowa wa dzulo lake womwe umakuumitsani thupi mamina n'kukhala olimba. Malo ngati Koh Tao, Gili Trawangan ku Indonesia kapena Utila ku Honduras ndi otchuka ndi makosi otchipa komanso ndi mapate, nde anthu amachoka kubala 2 koloko usiku, 7 koloko ali m'boti, kenako n'kumadabwa kuti makutu atani. Mukafika dzipatseni tsiku limodzi kapena awiri opuma musanalowe m'madzi, imwani madzi ambiri, AC muziichepetsa kapena gwiritsani ntchito fani, ndipo kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere a ku famasi kumathandiza popanda choopsa chilichonse.

Za mankhwala otsegula mphuno ndinene mosabisa poti wina m'boti adzakupatsani ndithu, amakhala nawo m'chikwama. Mapilisi a pseudoephedrine ndi masipureyi a oxymetazoline amatseguladi, mutha kutsika bwinobwino. Koma akatha mphamvu muli pansi, minofu imatupanso, mpweya womwe munalowetsa m'khutu umasowa potulukira pokwera. Imeneyo amaitcha reverse block, ndipo ndi yoipa kuposa kukana kwa potsika chifukwa potsika mutha kusintha maganizo n'kubwerera, pomwe pokwera mulibe chisankho, mpweya wa m'silinda ukutha muyenera kukwera basi. Sipureyi ija mukaigwiritsanso ntchito kupitirira masiku atatu mphuno imayamba kutseka kwambiri kuposa poyamba. Pseudoephedrine ena imawathamangitsa mtima n'kuwapatsa nkhawa, zomwe simukuzifuna pa dayivi yanu yachiwiri m'moyo, komanso m'maiko ena ndi yoletsedwa kugula kapena kulowa nayo mwachisawawa. Maganizo anga ndi akuti ngati simungatsike popanda mankhwala ndiye kuti tsiku limenelo si lodayiva. Ngati muli ndi allergy yanthawi zonse kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, pali masipureyi ena a steroid omwe amayenera kuyambidwa masiku angapo m'mbuyo, osati m'mawa wa dayivi.

Reverse block ikakugwirani, mumva kupweteka kapena kufinya mukukwera, pena ndi kachizungulire chifukwa khutu limodzi latulutsa mpweya lina ayi. Musatsine mphuno n'kukankha, mukuwonjezera mpweya pomwe wachuluka kale. Imani, tsikani pang'ono mpaka ululu uleke, mezani, gwedezani chibwano, kenako kwerani pang'onopang'ono kwambiri mutagwira chingwe. Auzeni aphunzitsi msanga kuti aziona mpweya wanu.

Mwatuluka, khutu likumveka lodzaza

Ambiri amati ndi madzi alowa, n'kumadumphadumpha ndi mwendo umodzi mutu atapendeketsa. Madzi a kunja amatuluka mukatero kapena pakapita maola ochepa. Ngati kudzazako kukupitirira mpaka mawa lake, mukumva mogonthera, mukameza mukumva kuthetheka, ndiye kuti si madzi a m'nyanja, ndi timadzi kapena magazi omwe thupi lakhuthulira kuseri kwa nembanemba chifukwa cha kufinyika kuja. Imeneyo ndi barotrauma, ndi yomwe ndinali nayo ine. Musadayive, pitani kukiliniki akakuyang'aneni ndi kagalasi kawo kaja, malo odayivira ambiri ali ndi madokotala omwe amaona zimenezi tsiku ndi tsiku. Yaing'ono imatha masiku ochepa, ina imatenga milungu.

Zomwe simuyenera kudikira nazo ngakhale usiku umodzi ndi izi, chizungulire choti dziko likuzungulira, kusanza, kulira kwa m'khutu kosaleka, kusamva mwadzidzidzi, kapena magazi ndi mafinya kutuluka m'khutu. Komanso ngati pansi paja munamva ululu waukulu womwe unangotha mwadzidzidzi kenako madzi ozizira n'kulowa ndi chizungulire, mwina nembanemba yabooka. Zikatero musathiremo mankhwala a madontho aliwonse mpaka dokotala aone. Ngati muli ndi inshulansi ya odayiva ngati ya bungwe la DAN (Divers Alert Network), ali ndi nambala yangozi yoimba usana ndi usiku. Onaninso inshulansi yanu ya ulendo musanapite, zina siziphimba scuba kapena zimalekezera pa kuya kwakutikwakuti, zimalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tija.

Timagazi pang'ono m'masiki kuchokera m'mphuno nthawi zambiri ndi ma sinus, timphako ta mpweya tozungulira mphuno, afinyika, n'zoopsa poziona kuposa mmene zilili, koma zikukuuzani kuti munali otsekeka. Palinso ululu wina wosiyana, khutu likamayabwa n'kumapweteka mukalikoka kapena kukanikiza kachikutu ka kutsogolo kaja, amenewo ndi matenda a ngalande ya kunja chifukwa chokhala chonyowa masiku ambiri m'madzi ofunda. Tsukani makutu ndi madzi abwino mukatuluka, aumitseni, ndipo timitengo ta thonje tija tisiyeni, timangokankhira phula m'kati. Phula likatsekeratu ngalande limapanga kachipinda kena ka mpweya komwe simungathe kuikwalaiza, nde ngati mumadziwa kuti muli ndi phula lambiri kachotsetseni kuchipatala ulendo usanafike. Pa chifukwa chomwechi zotsekera m'makutu wamba za osambira sizololedwa pa scuba, ndipo hudi, chipewa cha odayiva chophimba mutu ndi makutu, ikakhala yothina kwambiri muziikoka pang'ono kuti madzi alowe.

Masiki nayo, mwachidule. Sankhani yomwe mukutha kutsina mphuno mosavuta, zina zobwereka pamphuno pake m'polimba kapena m'pakulu zala zimangoterereka. Muzitulutsiramo kampweya ndi mphuno potsika, apo ayi imakuyamwani nkhope n'kutuluka ndi maso ofiira ngati mwamenyedwa.

Kalenda ndi yomwe imaboola makutu

Ndikaganiza bwino, sindinakakamize chifukwa chosadziwa, buku ndinawerenga, mayeso ndinakhoza. Ndinakakamiza chifukwa kosi ya masiku 3 ndi theka ndinaipatsa masiku 4 enieni, ndipo ndinkachita manyazi kudikiritsa anthu omwe ndinangowadziwa dzana. Nde pokonza ulendo ikani masiku awiri kapena atatu apadera kumapeto. Kumbukiraninso kuti simungakwere ndege mutangodayiva, malangizo a DAN amati dikirani maola osachepera 12 mukadayiva kamodzi, ndi osachepera 18 mukadayiva kangapo kapena masiku otsatizana, ambiri amangoti 24 kuti mtima ukhale m'malo. Khutu lovulala nalonso m'ndege limapweteka, funsani dokotala musanakwere.

Musanalipire funsani mafunso osasangalatsa aja. Pagulu tikhala angati? Ndikadwala pakati pa kosi mundisunthira masiku kapena ndalama yapita? Aphunzitsi amayankhula chilankhulo chomwe ndimamva bwino? Limeneli anthu amalipeputsa koma kufotokoza mmene khutu likumvekera kwa munthu yemwe mukungomvana theka n'kovuta. Auzeni tsiku loyamba kuti makutu anu ndi ochedwa, mphunzitsi wabwino amakuikani pafupi naye kapena kukuyambitsani kutsika ena asanayambe. Amene angakuuzeni kuti limbani mtima kankhani mwamphamvu, kapena kukukokerani pansi, musiyeni, masukulu ndi ambiri. Ngati mukudziwa kale kuti makutu amakuvutani m'ndege kapena pokwera mapiri, ganizirani malo omwe amalowa m'madzi kuchokera kugombe ngati Dahab ku Egypt, komwe mumatsika motsatira mchenga pang'onopang'ono m'malo molendewera pachingwe cha boti mafunde akukukwezani ndi kukutsitsani.

Ndipo kosi ikaduka sikuti zonse zapita. Ku PADI ngakhalenso ku SSI, mabungwe opereka ziphaso za scuba, kuli dongosolo la referral, aphunzitsi amasaina zomwe mwamaliza ndipo mutha kukamalizitsa madayivi otsalawo kusukulu ina ngakhale dziko lina, ku PADI pepalalo limagwira ntchito miyezi 12. Kosi yonse ili ndi madayivi 4 a kunyanja, awiri oyamba salumpha mamita 12, awiri omaliza mpaka 18, nde ngati mwachita awiri mwatsala ndi awiri basi, simuyambiranso. Ine sindinafike pamenepo, ndinangotaya tikiti ya boti ija n'kukhala, dokotala atayang'ananso khutu tsiku lachisanu n'kunena kuti lauma ndinabwerera ndi gulu lina. Ndinawauziratu aphunzitsi atsopanowo, mayi wina wa ku Spain wofatsa kwambiri, anangoti ife awiri tiyamba, enawo atipeza. Kufika pa mamita 16 kunanditengera pafupifupi mphindi 5 dzanja lili pamphuno njira yonse, anzanga anatidutsa pa mamita 7, ndipo titafika pansi ndinawapeza akungoyang'ana kansomba kamizeremizere komwe kankajompha zala za mmodzi wa iwo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti ndachedwa.